Tinatsitsa Machira M'ngalande

Ndinakwatiwa ndi dalaivala pa nthawi imene anthu akuda oyendetsa galimoto m'dera lonse la Thyolo anali owerengeka. Kunali nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe. Amuna anga anali a ku Goliati. Ntchitoyo anaiphunzira ku Limbe, ndipo bwana wa esiteti ina ya tiyi atagula lole yonyamulira masamba, anawalemba iwo. Ine ndinakulira pafupi ndi mishoni ya ku Makwasa, m'banja losunga Sabata. Abambo anga anadandaula kuti mkamwini wawo aziyendetsa lole ngakhale pa tsiku lopatulika, koma sanakane ukwati. Amayi anga anabwera ali mwana kuchokera kutsidya, kudziko la Apwitikizi, choncho Chilomwe ndinkachimva bwino, ngakhale kwathu tinkachilankhula pokhapokha pakhomo palibe alendo.

Pa esiteti anatipatsa nyumba yathuyathu pafupi ndi shedi yogonamo lole, pamtunda pang'ono kuchokera kumalayini kumene kunkakhala othyola tiyi. Inali ya njerwa, ya chitseko cha matabwa. Kuseri kwa shedi kunali thanki ya madzi othira mu injini, ndipo ine anandilola kutunga pomwepo. Amuna anga anali ndi jekete la kaki ndi chipewa, ine anandigulira nsapato za nsalu. Ndikamadutsa kumalayini ndi mwana wanga woyamba kumbuyo, amayi akumeneko ankandipatsa moni uku akuyang'ana kumapazi kwanga, ndipo zinkandikomera.

Msewu wa lole unali umodzi. Unkachokera kuminda ya kumtunda, n'kudzera kutsogolo kwa nyumba ya bwana, kenako n'kutsetsereka kudutsa kumalayini mpaka kufakitale. Amuna anga ankandiuza kuti pa nyumba ya bwana pali malamulo ake: lole iziyenda ngati munthu wapansi, isalize hutala masana dona akamapumula, ndipo mlonda wa pageti akakweza dzanja iime mpaka ana a bwana ndi wowalera awoloke. Kumunsi kunalibe lamulo lililonse kupatula limodzi, lakuti masamba asachedwe. Tiyi akathyoledwa n'kupanikizidwa m'matumba amatentha yekha, amafiira, ndipo mzungu wa kufakitale akapisa dzanja m'thumba n'kumva kutentha ankakalipira dalaivala.

Pamtsetse wa kumalayini msewu unali wopapatiza, wongokwana loleyo basi. Mbali ina kunali chikhoma cha dothi lofiira chimene anasema pokonza msewu, pamwamba pake pali tiyi. Mbali inayo kunali ngalande yakuya, ndipo kupitirira ngalandeyo kunali kutsikira kukamtsinje. Pakati pa mtsetsewo msewu unkakhota, moti wochokera kumtunda sankaona zimene zili kutsogolo. Pokhota pomwepo ndi pamene amayi onse a kumalayini ankawolokera popita kukatunga madzi. Amene anakhalitsa pa esiteti ankadziwa kutchera khutu asanaponde msewu. Koma chaka chilichonse mvula ikayamba kunkabwera anthu atsopano ochokera kutsidya, ena mwa iwo asanaonepo galimoto chibadwire. Akapitawo ankawatcha Anguru, ndipo palibe amene anali ndi ntchito yowachenjeza za msewu.

Tsiku limene zinachitika kunali mvula yamawawa kuyambira m'mawa, nyengo imene masamba amachuluka. Amuna anga anabwera kunyumba masana monga mwa nthawi zonse, koma sanalowe. Anakhala pakhonde atavala jekete lonyowa. Nditawaikira madzi osamba m'manja anangowayang'ana. Kenako anandiuza kuti agunda munthu pokhota paja.

Anali mayi, anatero, atasenza mtsuko, atafunda chiguduli kumutu chifukwa cha mvula. Iwo analiza hutala, anaponda mabuleki, koma dothi linali loterera ndipo lole inali itadzaza. Tayala lakumbuyo linamuponda mwendo. Anaima, anatsika, ndipo anapempha kapitawo amene anali nawo kuti atsitse matumba ena amugoneke mayiyo pamwamba, athamange naye kuchipatala cha mishoni. Kapitawo anati iye sangalamule zimenezo, akafunse kufakitale. Kufakitale mzungu wamng'ono, wothandizira bwana wamkulu, anamvetsera nkhaniyo, anazungulira lole kuona ngati yaphwanyika pena pake, kenako anati atsitse masamba abwerere kukatenga ena amene ankadikira pasikelo. Pobwerera anapeza kuti amuna a kumalayini amunyamula kale mayiyo pa machira a thumba ndi mtengo, ulendo wa ku Makwasa.

Ndinawafunsa ngati mayiyo ali moyo. Anati pamene ankamusiya ankapuma, ndipo sankalira. Atatero ananyamuka, chifukwa nthawi yokatenga masamba a madzulo inali itakwana.

Masiku otsatira ndinkadikira kuti china chake chitigwere. Ndinkati mwina kubwera apolisi a kuboma, mwina bwana wamkulu awaitana amuna anga, mwina abale a mayiyo abwera pakhomo kudzatikalipira. Ndinamanga ngakhale kamtolo ka zovala za mwana, poganiza kuti tikhoza kuthamangitsidwa tsiku lililonse. Palibe chimene chinabwera. Bwana wamkulu anangouza akapitawo kuti auze anthu awo kuti msewu ndi wa lole. Amuna anga anapitiriza kutsetsereka pamtsetse womwewo m'mawa ndi madzulo. Ankadya pang'ono, ndipo analeka kuimba mluzu potsuka lole monga ankachitira kale, koma wina aliyense wowaona akanati palibe chasintha.

Chimene chinasintha chinali kumalayini. Ndinkayembekeza kuti amayi aja andinyoza kapena andikana moni, ndipo ndikanapepukidwa akanatero. M'malo mwake anayamba kundilemekeza koposa kale. Ndikafika pamtondo, nkhani zinkatha, wina n'kundiyalira chiguduli kuti ndikhale. Tsiku lina ndikupita kukathyola ndiwo ndinakumana ndi mayi wachikulire m'kanjira ka pakati pa tiyi, atasenza nkhuni. Atandiona anapatuka n'kulowa m'tiyi wonyowa mpaka m'chiuno kuti ine ndidutse. Anali wamkulu kuposa amayi anga ondibala. Ndinamupempha kuti adutse iye, koma anangoima momwemo, maso pansi, mpaka ndinadutsa. Nditafika kunyumba ndinavula nsapato zija n'kuziponya pansi pa bedi, ndipo kwa masabata angapo ndinkayenda wopanda nsapato.

Patapita nthawi ndinapita kwathu kukaona makolo. Ndinapeza amayi akupakula phala m'kambale kophimba. Anandiuza kuti anamwino a pachipatala anawaitana kuti azikamasulira mayi wina amene sadziwa Chinyanja, ndipo kuyambira pamenepo akhala akumupatsira chakudya, chifukwa mwamuna wake sangachoke pantchito tsiku lililonse. Sanandifunse ngati ndikumudziwa mayiyo. Anangondipatsa mbaleyo kuti ndinyamule, nati, "Tiye limodzi."

Panjira ndinawapempha kuti asakanene kuti ndine yani. Iwo anangopitiriza ulendo.

Mayiyo tinamupeza atakhala pabedi, atatsamira khoma. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, mwina msinkhu wanga womwe, wa mphini m'masaya monga ankachitira akutsidya. Mwendo wakumanzere anali ataudula pansi pa bondo. Amayi anamupatsa moni m'Chilomwe, anamufunsa za tulo, kenako anandiloza nati, "Uyu ndi mwana wanga. Ndiye mkazi wa uja amayendetsa lole."

Ndinagwada pansi pambali pa bedi. Mawu onse a Chilomwe amene ndinkawadziwa anandithawa. Mayiyo anayesa kudzikoka kuti akhale bwino, anakonza nsalu yake kuphimba mwendo wodukawo, ndipo anaomba m'manja mwaulemu ngati walandira mlendo wamkulu. Ndiye anayamba kulankhula, mofulumira, ngati munthu amene wakhala akusunga mawu kwa nthawi yaitali. Anati sanaimve loleyo. Chiguduli chinamutseka makutu, mvula inkagwa, ndipo iye anali atangobwera kumene, sankadziwa kuti chinthucho chimatsika nthawi imeneyo.

"Mukawauze amuna anu andikhululukire," anatero. "Akawauzenso azungu kuti sindinachitire dala. Asamuchotse ntchito mwamuna wanga chifukwa cha ine. Kwathu tinathawa, tilibe kobwerera."

Ndinayang'ana amayi kuti andithandize, koma iwo anali kutakasa phala ndi supuni. Ndinati palibe amene akumuimba mlandu. Nditangotero ndinamva kupusa kwa mawu angawo, chifukwa zinamveka ngati ndikumukhululukiradi. Iye anathokoza, anaombanso m'manja. Kenako anafunsa za mtsuko uja, umene unasweka pa ngoziyo. Unali wobwereka kwa mnzake wa khomo loyandikana nalo, ndipo ankada nkhawa kuti mnzakeyo akutungira chiyani tsopano. Ndinalonjeza kuti ndikapereka wanga. Anaseweretsa pang'ono mwana wanga amene ndinapita naye, namugwira timapazi, ndipo tinatsanzikana.

Pobwerera ndinawadandaulira amayi kuti andichititsa manyazi. Anati manyaziwo sanabwere ndi iwo, anali kale pakhomo panga, iwo angondionetsa pamene akhala. Anatinso iwo atafika m'dziko lino ali mwana, amayi awo ankagwadira aliyense wovala malaya, poopa kubwezedwa, ndipo atamuona mayi uja akuomba m'manja anaona amayi awo.

Amuna anga nditawafotokozera zimene mayiyo ananena, anafunsa kuti, "Wapepesa iyeyo?" Ndinavomera. Anatuluka n'kupita kushedi, ndipo ndinawamva akugogoda zitsulo mpaka dzuwa kulowa, ngakhale lole inalibe vuto lililonse.

Mtsuko ndinakaperekadi. Mwini wake anaulandira ndi manja awiri, atagwada, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti sankautungira, ankangousunga m'nyumba poopa kuuswa.

Mvula itatha, kuzizira kutayamba, bala linapola ndipo achipatala anati mayiyo atha kupita. Madzulo ena mwamuna wake anabwera pakhomo pathu. Anali munthu wamtali, wowonda, wa zipsera za tiyi m'mikono. Sanafike pakhonde. Ananjuta chapatali pabwalo, chipewa chake cha mlaza chili m'manja, mpaka amuna anga anatuluka n'kumupempha kuti ayandikire. Anakana mpando. Chinyanja chake chinali chochepa, choncho ine ndinkamasulira. Anati wamva kuti nyengo ino lole imapita kukatenga nkhuni za kufakitale kunkhalango ya bulugama ya kufupi ndi ku Makwasa. Ngati n'kotheka, anatero, pobwerera imutengeko mkazi wake, akhale ngakhale pamwamba pa nkhuni, chifukwa ulendo wa pa machira unamupweteka kwambiri popita.

Amuna anga anati akafunsa. M'mawa mwake anafunsadi, ndipo anabwera ndi yankho lakuti lole si yonyamula anthu, ndipo akanyamula mmodzi mawa onse adzafuna kukwera. Anandiuza kuti anaganiza zongomutenga mwakachetechete, koma masiku amenewo mzungu wamng'ono ankakwera nawo kukayang'anira odula mitengo. Anandipempha kuti ndikapereke yankholo ine, chifukwa iwo sakanatha kumuyang'ana munthuyo kumaso. Ndinapita. Mwamunayo anamvetsera, nati palibe kanthu, apempha anzake. Pamenepo ndinamuuza kuti ndidzapita nawo kukathandiza kunyamula katundu. Anadabwa, ndipo ndikuganiza kuti sanafune, koma analibe njira yondikanira.

Tinapita tsiku lina amunawo atamaliza ndime zawo msanga. Analipo iye ndi anzake atatu, onse akutsidya. Mwana ndinamusiya kwa amayi. Mayiyo anamugoneka m'machira a bulangete lomangirira ku nsungwi yaikulu, awiri akunyamula, awiri akudikira kulandira. Ine ndinasenza mtolo wa nsalu zake ndi ndodo yoyendera imene mmisiri wa matabwa wa pamishoni anamusemera. Popeza ndinali kupita kumishoni, kumene anthu ankandidziwa, tsikulo ndinali nditavalanso nsapato zija.

Njira zachidule zodutsa m'mapiri zinali zoterera ndi zokwera kwambiri kwa anthu onyamula machira, choncho titalowa m'esiteti tinatsata msewu wa lole. Aka kanali koyamba kuti ndiyende wapansi kutsogolo kwa nyumba ya bwana, chifukwa ife tinkadzera kumunsi. Msewu pamenepo unali wotakata moti ngolo ziwiri zikanapambana bwinobwino. Anathirapo timiyala, ndipo munthu ankaona kutali mbali zonse chifukwa mitengo ya pokhota anaidula. M'mbali mwake munali mpanda wa maluwa, ndipo kuseri kwa mpandawo kunali kanjira kosesedwa bwino, ka mthunzi, koyendamo dona ndi ana ake. Mmodzi wa onyamula anati tidzere m'kanjirako kuti wodwala apumeko dzuwa. Mlonda wa pageti anatiletsa. Sanali munthu woipa, anatipatsa moni, anafunsa za wodwalayo, koma anati tidzere mbali yakutali ya msewu, tifulumire, ndipo tisalankhule mokweza. Atandizindikira ine anachotsa chipewa, nati ine nditha kudutsa mkati ngati ndikufuna. Ndinati ndili ndi anzangawa.

Titayamba mtsetse wa kumalayini dzuwa linali litapendeka. Amunawo anatopa, mapewa atasupuka. Mayiyo, amene njira yonse ankacheza pang'ono ndi mwamuna wake, anakhala chete titayandikira pokhota. Tili pakati penipeni, chikhoma kudzanja lamanja, ngalande kumanzere, tinamva injini kumtunda.

Palibe amene analamula mnzake. Amuna awiri amene sankanyamula analumphira m'ngalande n'kukweza manja, onyamulawo anatsetsereka chammbali, ndipo onse anayi anatsitsa machirawo mpaka anatsala pang'ono kukhudza madzi. M'ngalandemo munali matope ofika m'mawondo ndi udzu woyabwa. Bulangete linapendekeka, mayiyo anagwira nsungwi ndi manja onse, mwendo wodukawo unagunda khoma la ngalande ndipo anabuula kamodzi. Ine ndinatsala ndekha pamsewu, mtolo pamutu, osadziwa chochita. Hutala italira pokhota ndinalumphira momwemo, pambali pa mwamuna wake.

Lole inatulukira itadzaza zipika mpaka pamwamba. Sinkathamanga kwambiri, amuna anga anali ataichepetsa liwiro mmene akanathera, koma pamtsetse wotero ndi katundu wotero inkaoneka ngati nyumba ikugwa. Kuchokera m'ngalandemo matayala anali kumutu kwathu. Ndinali ndisanaionepo kuchokera pansi chotero. Ndinaizolowera ili chiimire m'shedi, mwana wanga akusewera ndi matayala ake. Ndinaona nkhope ya amuna anga pazenera, ndipo iwonso anandiona. Anayang'ana ine, anayang'ana machira, kenako anabweza maso kumsewu. Mzungu wamng'ono anali pambali pawo akuyatsa kaliwo. Amuna anayi aja, nsungwi ili pamapewa, matope m'mawondo, aliyense anamasula dzanja limodzi n'kuchotsa chipewa. Ngakhale mwamuna wa mayiyo, mmodzi wa anayiwo, anachotsa. Fumbi ndi makungwa a bulugama zinatigwera, lole inapita.

Kutulutsa machira m'ngalande kunavuta kuposa kuwalowetsa. Mayiyo anali atadziphimba kumaso ndi nsalu, ndipo sanavundukule mpaka tinafika pakhomo pake. Nsapato yanga imodzi inatsalira m'matope. Ndikuyesa kuifufuza ndi phazi, mmodzi wa onyamula, bambo wachikulire pang'ono amene ankadziwa Chinyanja, anapisa dzanja n'kuitulutsa, naipukuta ndi udzu asanandipatse.

"Mayi, inu simukanavutika kulowa muno," anatero. "Mukanangoima pamsewu. Inu sakanakugundani."

Sanalankhule monyoza. Ankandimvera chisoni chifukwa cha nsalu yanga imene inada. Ndinalandira nsapatoyo, ndinavulanso inayo, ndipo ndinayenda nazo m'manja mpaka kumalayini, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona wodwala ndi kudzaona ine.

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga atakhala pa chitsa kuseri kwa shedi. Anaona matope m'miyendo yanga koma sanafunse. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanaimire. Anati pamalo paja lole ya zipika siima, ukaponda mabuleki mwamphamvu imatembenuka n'kugwera m'ngalande momwe tinalimo. Ndinati nanga atafika pansi, pamalo abwino, bwanji sanaime n'kubwerera wapansi. Iwo anati, "Amake mwana, ndinaopa. Ndikanati chiyani kwa mzungu uja?" Sindinawadzudzule, chifukwa inenso ndinali ndisanayankhepo mzungu chibadwire, ndipo nyumba imene ndinkagonamo ndinkamudziwa mwini wake.

Anandiuzanso tsiku lomwelo chinthu chimene anali asanandiuze. Ngozi ija isanachitike, anali atapemphapo kawiri konse kuti chikhoma cha pokhota achigumule pang'ono, monga anachitira kumtunda, kuti aziona kutsogolo. Anawayankha kuti pamwamba pa chikhomacho pali mizere ya tiyi wobereka kale, ndipo sangazule tiyi chifukwa cha anthu amene ali ndi makutu.

Kuyambira sabata imeneyo amuna anga anayamba kuimitsa lole pamwamba pa mtsetse, n'kuliza hutala nthawi yaitali asanatsike. Mzungu wa kufakitale anawakalipira kangapo kuti akuchedwetsa masamba, iwo n'kumanamizira mabuleki kuti amafuna kuzizira. Amuna a kumalayini nawo, Lamulungu lina, anatenga makasu n'kusema timapanga m'chikhoma muja, toti munthu wosenza mtsuko n'kuimamo lole ikamadutsa. Kapitawo anaona koma sanakanene. Timapangato tinkagumuka mvula iliyonse, iwo n'kusemanso. Chikhomacho sichinagumulidwe nthawi yonse imene tinakhala pa esiteti imeneyo, ndipo anthu ena anavulalabe pamenepo m'zaka zotsatira, ngakhale sanagundidwe ndi amuna anga, chifukwa pambuyo pake kunabwera lole yachiwiri ndi dalaivala wina.

Mayi uja anaphunzira kuyenda ndi ndodo. Ndinkapita kukamuona nthawi zina, ndi ndiwo kapena mchere, koma maulendowo ankativuta tonse. Ndikafika ankayesa kuimirira, anansi ankabwera kudzakhala chete, ndipo ndikachoka ndinkadziwa kuti apuma. Kumadzi sankatha kupita, chifukwa kutsikira kukamtsinje kunali koterera, ndipo ngakhale akanatha, pamsewu paja sankafuna kupondaponso. Lole ikamalira kumtunda ankalowa m'nyumba.

Mvula yotsatira isanagwe, mwamuna wake anapeza abale ku Thekerani amene anali ndi malo olima chimanga, ndipo anaganiza zochoka. M'mawa wa tsiku la ulendo anabwera onse awiri pakhomo pathu, mayiyo akudumphira pa ndodo, atatuluka thukuta chifukwa cha kachitunda ka pakati pa malayini ndi shedi. Mwamunayo ananyamula nkhuku yathadzi yamawangamawanga. Amuna anga anali atapita kale ndi lole. Mayiyo anati abwera kudzatsanzika, ndi kudzathokoza chifukwa ndinamuperekeza kuchokera kuchipatala ndi kulowa naye m'matope, komanso chifukwa mwamuna wake sanachotsedwe ntchito. Anati ndikawathokozerenso amayi anga, amene anamudyetsa ngati mwana wawo.

Ndinakana nkhukuyo. Ndinati akupita kumalo atsopano, aisunge ikawathandize. Mwamunayo anaoneka wokhumudwa, nafunsa ngati yachepa. Pamenepo ndinagwada n'kuilandira. Ndinalowa m'nyumba kufunafuna choti ndiwapatse, ndinatenga nsalu yanga yabwino ya biriwita ndi ufa, koma chilichonse chimene ndinkagwira chinkaoneka ngati ndikufuna kugula china chake. Analandira, anathokozanso. Ndinawafunsa njira imene adzere. Anati adzera tinjira ta m'mapiri, pang'onopang'ono, kugona m'midzi ya panjira, ndipo pokwera pakavuta mwamunayo azimubereka. Msewu unali wachidule, koma mayiyo anakana.

Ndinawaperekeza mpaka pamene tiyi amathera. Ndinaima pamenepo kuwayang'ana akukwera, iye patsogolo ndi ndodo, mwamuna pambuyo ndi mitolo iwiri, mpaka analowa m'nkhalango.

Madzulo amuna anga anaona nkhuku yachilendo itamangidwa mwendo pakhonde, nafunsa kumene yachokera. Nditawauza, anati nyama yake iwo sadzadya, ndipo inenso ndinali nditaganiza kale chimodzimodzi. Inakhala pakhomo, inaikira, inaswa anapiye, mwana wathu n'kumawathamangitsa pabwalo. Chaka chotsatira chitopa chinalowa ndipo inafa pamodzi ndi nkhuku zina zonse za kumalayini.

Za mayiyo ndinamvanso kamodzi kokha, kwa mlaliki wina wa mpingo wathu amene ankayendera midzi ya ku Thekerani. Anati anaona mayi wa mwendo umodzi akupalira chimanga chogwada, mwana wakhanda atamugoneka pamthunzi, ndipo atamva kuti mlalikiyo wachokera ku Makwasa anafunsa ngati amayi anga akadali moyo. Amuna anga anayendetsa lole mpaka maso anayamba kuwavuta. Tikapita ku Goliati abale awo ankaitana anthu kuti adzaone mwana wawo woyendetsa galimoto ya azungu, ndipo ankandiuza kuti ndine mkazi wamwayi. Ndinkavomera, kenako n'kupempha kuti ndikathandize amene ankaphika kuseri.